Anamgumi Asanachoke

Lolemba, 2 Sepitembala

Mphepo ya kummwera. Bondo likupweteka.

Achemwali anga a Lesieli aimba foni kuchokera kulikulu la dziko, ku Nuku'alofa. Akuti mwezi wamawa abwera pa sitima kuno kuchilumba cha 'Eua kudzatenga Seini, mdzukulu wanga. "Mayi ake anamwalira, bambo ake akuthyola zipatso ku Australia. Iwe Sitaleki, mwana ungamulere bwanji pomwe sutha kumuwerengera ngakhale tsamba limodzi?"

Ndangoti chabwino. Mwamuna sabweza mawu kwa mlongo wake. Pa nkhani ya ana a m'banja, mawu a mlongo ndiwo otsiriza. Pakamwa pati chabwino, mtima wakana.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Kulemba ndimalemba, pang'onopang'ono ngati nkhanu. Kuwerenga mokweza ndiko kumandimanga lilime.

Sukulu ndinaisiyira Sitandade 3. Osati ulesi. Bambo atamwalira ndinakwezedwa m'bwato la osaka anamgumi kuti ndizikapa madzi, fizi ya a Lesieli ipezeke. Iwo nsapato ndi ambulera, ine mafuta a namgumi m'tsitsi. Anakhala aphunzitsi. Sanatchulepo mpaka lero. Ndiye mbuli ndine. Ine!

Seini wabwera ndi buku la kusukulu. Lazithunzi. Nkhani ya kamwana ka namgumi kolephera kudumpha, kamangogwa chamimba, nsomba n'kumakaseka. Ndamuuza kuti asabweze msanga. Ndiliwerenga lonse pamaso pa achemwali, anamgumi obwera kuno nyengo ino asanachoke. Akamutenga amutenge atamva.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Tchalitchi. Nyanja zii, lero palibe bwato lololedwa kutuluka. Titadya zilazi tinapita pathanthwe la kuseri kwa munda.

Masamba awiri okha, thukuta kamukamu. "Agogo, mukuwerenga ngati mukukoka bwato pamchenga," anatero Seini. Anaseka mpaka kugona chagada. Chimwalirire mayi ake sindinamumve akuseka chotero.

Kenako phuu! pansi pathu pomwe. Namgumi wamkazi ndi mwana wake. Kamwanako kanayesa kudumpha, phwa chamimba. Seini kuloza buku, kuloza nyanja.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Shuga watha. Mwana wanga Lisiate, bambo ake a Seini, sanatumize kanthu, akuti zipatso zachedwa kupsa. Chinangwa chilipo, sitifa.

Nkhani yafika pabwalo lomwe amuna timamwera kava, chakumwa chathu cha mizu. Mnzanga Fatai: "Ase, akuti wayambiranso sukulu? Tikusokere kabudula wa yunifomu?" Onse gwedegwede ndi kuseka. Ndinamwa chikho changa n'kutuluka. Iyeyo nyimbo za m'tchalitchi amangotsatira milomo ya anzake, buku atalitsekula pena.

Seini akapita kusukulu ndimakwera ndekha pathanthwe. Ndimawerengera anamgumi. Sandiseka. Ndikalakwitsa amangopuma, ine n'kubwereza.

Loweruka, 28 Sepitembala

Chifuwa chinandigoneka. Buku lanyowa pakona ndi madzi a mandimu, aphunzitsi andikhululukire.

Seini ndiye amandiwerengera ndili pamkeka. Pofika pamene kamwana kaja kadumpha, amadumpha nayenso, mbale gobede. Dzulo anafunsa: "Ku Nuku'alofa kuli thanthwe?" Ndinayang'ana kukhoma.

Anamgumi ayamba kuchepa. Tsamba lomaliza likundikanikabe.

Loweruka, 5 Okutobala

Achemwali afika. Aonda. Potsika sitima anagwira phewa la munthu wosamudziwa.

Ndawaphera kankhumba komwe ndimasungira Khirisimasi. Ndatulutsa mkeka wanga kukagona kukhitchini, mlongo ndi mlongo sagona denga limodzi. Alawa nyama, akuti mchere wachuluka. Auza Seini alongedze zovala, sitima ndi Lolemba.

Lamulungu, 6 Okutobala

Seini anawakoka dzanja mpaka pathanthwe. Ndinakhala patali monga mwa ulemu. Mwana anawapatsa buku kuti ayambe ndiwo. Analiyandikiza kumaso, kulitalikitsa, n'kulitseka. "Ndaiwala magalasi." Magalasi ali pamphuno.

Nthawi yomweyo namgumi anatuluka yense m'madzi, chimphona, pafupi zedi. Seini kukuwa. Achemwali anatembenukira kwina, kumene kunalibe kanthu.

Ndiye ndinadziwa: maso awo apita.

"Werenga iweyo," anatero. "Ukweze mawu, wakhala kutali."

Ndinawerenga. Mokuwa, ngati ndikuitana bwato. Ndinapunthwa, ndinabwerera, ndinapitirira. Tsamba lomaliza linatuluka lokha. Seini anadumpha pamalo pake paja.

Kenako achemwali, osandiyang'ana: "Malaya ako a m'bwato ndinkachapa ndine. Fungo lija silinachoke m'manja mwangamu."

Mawu okhawo. Ndawadikira moyo wanga wonse, ndipo atabwera ndinasowa powaika. Ndinangoti, "Kamwana ka namgumi kali kumanzere kwanu, achemwali. Mvetserani, kapuma tsopano." Kanapumadi.

Lolemba, 7 Okutobala

Sitima yalira, yapita. Achemwali ali pamkeka, akusenda chinangwa mopapasa. Chikwama cha Seini achimasula okha.

"Mwana akhale. Koma buku lililonse lobwera m'nyumba muno ndizilimva pa foni. Ukadumpha tsamba ndidziwa." Iwo akuti akwera sitima ina, sakuthamangira kanthu. Ine ndiye kukhitchini mpaka liti, ndi udzudzu umenewu?

Seini wabwera ndi lina. Lonenepa. Zithunzi zochepa, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Lokamba za kamba.

Ndimati ndiyambe mawa. Koma akuitana kale panja, awiri onse, akuti mphepo yaleka ndipo kunyanja kwamveka phuu!