Belu la Bambo Layamba Kunama

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa chija chamusiya wachisamba wako? Kuno tonse tili bwino. Ndinafika mwamtendere, ngakhale kuti basi inatsika phirilo ngati ikuthamangitsidwa ndi njuchi. Alamu ako akupereka moni.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni umandidula mawu, ndipo nkhani iyi ndikufuna uimve kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndakwiya nawe. Ndanena poyambirira kuti usavutike kufunafuna mkwiyowo m'mizere ya m'munsimu.

Ndiyambe ndi zabwino, kuti usanene kuti ndinabwera ndi diso lofuna zolakwa zokhazokha. Unandiumiriza kuti ndiyende ndi gulu la alendo ndione mmene tawuni yathu yadzukira, ndipo ndinayenda. Mlatho wamiyala uja mwaukonza bwino. Positi ofesi yakale yasanduka nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana, ndipo ndinapezamo sikelo imene tinkaikapo zala tili ana mpaka kutithamangitsa. Ndende yakale mwaisesa, kasupe wa kuseri kwa tchalitchi mwamumangira mpanda, m'misewu yotsetsereka ija mulibenso udzu pakati pa miyala. Ndinanyadira.

Wotitsogolera anali mnzako wa kusukulu uja, Pakamwa. Dzinalo sanamupatse pachabe. Anauza alendo kuti belu la pansanja limalemera ngati ng'ombe zinayi, ndiponso kuti aliyense wolimva likulira kakhumi ndi kawiri ataima pabwalo adzabweranso m'tawuni muno asanamwalire. Ine ndinakulira pabwalo lomwelo koma zimenezo sindinazimvepo. Ndinangoseka. Bodza lotere silipha munthu.

Titafika pabwalopo, Pakamwa anavula chipewa n'kuchikupiza m'mwamba ngati akuingitsa ntchentche. Ndinakuona pakazenera ka m'munsi mwa wotchi ya pansanja, pamene bambo ankasuzumira. Belu linalira kakhumi ndi kawiri. Alendo anaomba m'manja, mafoni ali m'mwamba. Ndinayang'ana pamkono panga: teni koloko inali itangopitirira kumene. Ndinayang'ana mivi ya wotchi yako ya pansanja, nayonso inkagwirizana ndi ine, osati ndi belu.

Nditamufunsa Pakamwa, anaseka nandiuza kuti achemwali, sukulu yakuchulukirani. Mlendo sakwera phiri lonseli kuti adzamve belu likulira kamodzi kapena kawiri ngati la njinga. Kuno basi ikafika ndiye kuti thwelofu yakwana. Anawonjeza monyadira kuti nzeruyo inali yako.

Ngakhale apo sindinakwiye. Ndinangoona ngati chipongwe kwa bambo, amene anasamala wotchi imeneyo moyo wawo wonse, n'kukuphunzitsa iwe kuipukusa ndi kuithira mafuta. Koma akufa samva chipongwe, ndipo ndikadakhala chete.

Tsopano tamvera zimene ndinaona kunyumba.

Thwelofu yeniyeni itakwana, amayi anamwa piritsi lawo la kuthamanga kwa magazi. Madzi ndinawapatsa ndine. Chakumadzulo tinali pakhonde, ndikuwapesa tsitsi, pamene basi ina inafika kubwalo. Belu linayamba. Ndinaona milomo yawo ikuwerenga. Litafika pa khumi ndi kawiri anaimirira, napapasa khoma mpaka kukabati, natsegula botolo. Ndinawagwira dzanja piritsi lili kale pakamwa penipeni.

Ndinawauza kuti amwa kale. Anandiyankha mofatsa kuti mwanawe, mutu wangawu umaiwala, maso awa ng'ala inawatseka, koma belu siliiwala. Ngati lalira thwelofu ndiye kuti sanamwe. Nditawafunsa za m'mawa uja, anati inde, linaliranso, ndipo anamwa. Kenaka anadandaula kuti masiku ano dzuwa lasokonekera, masana akumabwera kawiri kapena katatu tsiku limodzi, mwina ndi mapeto a dziko.

Mlongo wanga, ntchito yanga ndi mankhwala, ndipo pano sindikulankhula zongoganizira. Piritsi limenelo ndi lakumwa kamodzi patsiku. Ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu imene magazi amayendera. Munthu wokalamba akalimwa mobwereza, magazi safika bwino kumutu akaimirira. Amachita chizungulire, maso amachita mdima, amagwa. Botolo limene ndinatumiza linayenera kukhala likadali pakati, koma ndinalipeza lili pafupi kutha. Unandiimbira kawiri kuti amayi agwa, ndipo kawiri konseko unati ndi ukalamba basi, tivomereze. Ndinaona chilonda cha pachigongono ndi kutupa kwa m'chiuno powasambitsa. Si ukalamba umene unawagwetsa. Ndi chipewa cha Pakamwa ndi dzanja lako.

Ndikudziwa kuti sunadziwe. Ndikadaganiza kuti unkadziwa, sindikadalemba kalata, ndikadachita zina. Chimene chandiwawa ndi yankho lako pamene ndinakuuza pa siteji, basi yanga ili pafupi kunyamuka. Sunakhale pansi, sunagwire pakamwa. Unati ndingowagulira wotchi yolira, nkhani ithe. Unatinso ife a kutawuni yaikulu timabwera kamodzi pachaka ndi malamulo odzaza chikwama. Sindinakuyankhe chifukwa panali anthu. Ndikuyankha tsopano, mfundo ndi mfundo.

Za wotchi yolira, ndinayesa kale iwe usananene. Ndinatchera foni yanga n'kuwaikira pafupi. Italira anati kachinthu aka kakulira ngati nkhululu, ndikachotse. Anati iwo anakwatiwa ndi mwamuna wa belu, ana awo onse anawayamwitsa ndi kuwatumiza kusukulu pomvera belu, ndipo bambo athu sanawanamizepo ndi belu ngakhale tsiku limodzi, ngakhale tsiku limene anakwera nsanja ali ndi malungo. Munthu wa zaka zawo, amene zambiri zamuthawa m'mutu, watsala ndi chinthu chimodzi chimene amachikhulupirira kotheratu. Chinthu chimenecho ndi chimene iwe wachiphunzitsa kunama.

Mwina unena kuti tiwabisire mankhwalawo. Ndinachita zimenezo, botolo ndinamusiyira mlamu wanga. Koma iye amakhala tsiku lonse pa benchi yake ya zosemasema kumlatho. Tsiku lotsatira belu litalira, amayi atapeza m'kabati mulibe kanthu, ndinawapeza ali kale pamasitepe a kunja, akutsika ndi ndodo kukamufuna. Umawadziwa masitepe amenewo. Ngakhale mbuzi imatsika mosamala. Tachotsa piritsi m'dzanja lawo n'kuwaika pamphepete pa phompho.

Unenanso kuti masiku ano aliyense ali ndi foni, palibe amene amamvera belu. Alipo mmodzi, ndipo anakubereka. Ndipo usanatsimikize kuti ndi yekhayo, kagogode m'nyumba za okalamba a kumtunda kwa tchalitchi uwafunse kuti nthawi amaidziwa bwanji.

Mfundo yako yolemera ndi yakuti tawuni inali kufa, ndipo alendo ndiwo aidzutsa. Iyi sindiitsutsa. Ndaona ndi maso anga kuti anthu akudya chifukwa cha mabasi amenewo, ana ako omwe. Koma alendo anadzera mlatho, ndende, kasupe ndi mphepo ya m'phiri, ndipo zonsezo n'zoona. Belu limalira thwelofu tsiku lililonse popanda wolilipira. Ngati Pakamwa angathe kupeka ng'ombe zinayi, angathenso kukonza ulendo wake kuti gulu lizifika pabwalo masana enieni. Ochedwa adzamva belu likulira katatu, ndipo adzakhala atamva nthawi yoona, chinthu chimene kwawo mwina sachimvanso kuchokera pansanja. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma pano amene akugwa chagada si pusi, ndi amayi.

Ndinawapempha kuti ndiwatenge adzakhale nane kuno. Anakana. Anati kwanuko adzadziwa bwanji nthawi? Ndinatsala pang'ono kuwauza zonse. Koma ndinaleka, chifukwa iwo anali atangonena kuti akamva belu amadziwa kuti mwana wawo ali pantchito ya bambo wake, ndipo mtima wawo umakhala pansi. Sindinafune kuti zoterezi azimve kwa ine.

Choncho ndikukupatsa njira ziwiri, ndipo yachitatu palibe. Yoyamba: uleke kuyang'ana chipewa cha Pakamwa, belu lizilira zimene mivi ikunena, monga unaphunzitsidwira. Yachiwiri: ngati alendo akulemera kuposa amayi, ukhale pansi pakhonde paja, uwagwire dzanja, uwauze ndi pakamwa pako kuti asamamverenso belu chifukwa iwe umaliliza monama. Usatume mkazi wako, usatume ine. Ngati uli ndi mtima wolizira bodzalo tawuni yonse ikumva, ukhalenso ndi mtima wolivomera pamaso pa munthu mmodzi.

Pakali pano, uwatengere kuchipatala akawayeze magazi ndi chiuno chija, ndipo ukamuuze dokotala zoona zake za mapiritsi, osati za ukalamba.

Sindinaleke kukukonda. Ndine amene ndinkakubereka kumsana kukwera masitepe a nsanja imeneyo kuti ukaone bambo akupukusa wotchi, iwe ukutseka makutu ndi timanja belu lisanalire. N'chifukwa chake ndakwiya chotere.

Ndibweranso kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sindidzakuuza tsiku. Sindidzayenda ndi alendo. Ndidzakhala pakhonde ndi amayi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, iwo akuwerenga ndi milomo, ine ndikuyang'ana pamkono. Yankho lako ndidzalimva kuchokera pansanja.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuthokoze posunga botolo lija. Uwapsompsone ana. Amayi uwauze kuti ndafika bwino, ndipo juzi imene anaitanitsa ndidzabwera nayo. Pakamwa umuuze kuti chipewa ntchito yake ndi kuphimba mutu.

Mulungu akusunge, akupatse nzeru ndi manyazi oyenera.

Ndine mlongo wako wamkulu.