Usapente Pabalaza

Mng'ono wanga Mawamawa,

Ndikulonjera ndi mtima wonse. Kaya muli bwanji kumeneko, iwe, alamu ndi ana? Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti phewa lakumanja layamba kundikumbutsa zaka zonse zimene ndagwira burashi. Ndakuimbira kanayi koma foni yako ikungolira yokha, ndiye kalatayi ndapatsira dalaivala yemwe uja anakubweretsera penti mwezi watha.

Ntchito ilipo. Tikupenta nyumba zosanjikizana za lendi, ndipo eni ake safuna mitundu yolankhula. Chilichonse chikhale kirimu, phulusa, kapena woyera wozimirira. Kapitawo wathu amati penti wotere sakangana ndi munthu, aliyense wolowa mipando yake ndi makatani ake zimangokhalamo bwino. Sakunama ayi. Koma zipinda zake kufanana! Tsiku lina ndinatsika kukatenga makwerero, pobwerera ndinalowa khomo lina n'kupenta theka la khoma limene ndinali nditamaliza kale dzana lake. Anzanga akundisekabe mpaka lero.

Sabata yatha kapitawo ananditumiza kwa mayi wina, dokotala wa mano wopuma ntchito, kuti ndikawapentere pabalaza. Woyera anakana, akuti ukuwakumbutsa kuchipatala. Waphulusa akuti ndi wozizira, wa khofi akuti udetsa nyumba. Ndinapaka timizere tisanu ndi tinayi pakhoma, iwo n'kumationa m'mawa, masana, ndi dzuwa litapendeka. Tonse anatikana. Mtima utayamba kundiwawa, ndinawafunsa kuti kwenikweni akufuna chiyani. Anandiyankha kuti akufuna mtundu woti ukalowa m'nyumba suuona, koma ukachoka umausowa.

Iwe, mayiwo amanena khoma la pabalaza pathu.

Ukukumbuka mmene ababa ankabwerera kuntchito, zitini zikulendewera pa njinga? Akamaliza kupenta nyumba ya munthu, ankapempha zotsala. Buluu wa kusukulu, wachikasu wa kusitolo ya nsalu, wobiriwira wa kwa aphunzitsi, zonse ankasunga kunsi kwa bedi, penti wamafuta kwake, wamadzi kwake. Amayi ankadandaula kuti zofunda zikununkha penti. Zitini zikachuluka, ankakhuthulira wamadzi yense m'chidebe chachikulu chija, n'kuthiramo woyera, n'kutakasa ndi mpini wa tsache. Ife ntchito yathu inali kugwira kansalu kosefera. Chotulukamo sichinali choyera, sichinali chotuwa, sichinali chakhofi. Iwe unachipatsa dzina lakuti madzi otsukira mbale, ndipo mlongo wathu anaseka mpaka kutsamwa.

Ine ndinkachita nalo manyazi khomalo. Mtsikana uja ndinkamufuna atabwera kudzandiona, ndinamukhazika pakhonde dzuwa likuswa mtengo, kuopa kuti angaone pabalaza. Ababa ankati mtundu umenewo m'sitolo mulibe, chifukwa muli nyumba zonse zimene iwo anagwiramo ntchito. Tsiku lina ndinawayankha mwachipongwe kuti ameneyo ndi penti wa anthu osauka. Sanandikalipire. Anangopitiriza kutakasa. Mawu amenewo amandiwawa mpaka pano, ndipo sindinawapepese.

Ndiye Lamlungu ndinati ndiyese ndekha. Ndinatolera zotsala kuntchito, n'kubwereka chidebe kwa mnzanga wa mapaipi. Koyamba kunatuluka matope. Kachiwiri chinthu chobiriwira chosaoneka bwino. Ndinayesa kasanu. Kenako ndinazindikira kuti vuto si dzanja, koma kuti sindikudziwanso chimene ndikufunafuna. Zaka zisanu ndi chimodzi osafika kwathu si masewera. Ndikatseka maso ndimaona kabati, ndimaona mpando wa amayi ndi wailesi pamwamba pa tebulo, koma khoma silibwera. Ndinakhala pachidebe chomwecho n'kulira, bambo wamkulu ndi ndevu zanga.

Tsono taona zimene ndinachita. Ndine amene ndinatumiza zidebe ziwiri za penti woyera. Ndine amene ndinakukalipira pafoni nditamva kuti nyumba ya amayi ikuoneka ngati yosiyidwa, ndipo unalonjeza kuti upenta ukatenga tchuthi kumapeto kwa mwezi uno. Khoma limenelo ababa analipenta komaliza kutatsala chaka kuti atisiye. Ukangodutsitsa burashi kawiri, basi, palibe sitolo imene ingatibwezere. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinachita kuuzidwa ndi mayi wachilendo.

Pempho langa ndi limodzi: usapente pabalaza. Penti woyerayo paka kukhitchini, kuzipinda zogona, panja, ngakhale kanyumba ka galu ngati watsala. Pabalaza ungotsuka ndi kansalu kofewa ndi sopo pang'ono, osakhula mwamphamvu. Ndipo pafupi ndi zenera, pamene penti anayamba kusupuka, utengepo kachidutswa ndi mpeni, kofanana ndi chikhadabo basi, ukaike mu envelopu n'kupatsira dalaivalayu. Si ka dokotala uja ayi, iwo anatopa n'kusankha kirimu. Ndi kanga.

Uwauzenso amayi zimenezi. Zidebe zitafika anangondithokoza pafoni. Nthawi imeneyo ndinayesa akondwa. Pano ndikukumbuka kuti anasintha nkhani msanga, n'kundifunsa ngati kuno kukugwa mvula.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mafuta opaka m'mawondo ali m'kajumbo momwe muli kalatayi. Moni kwa alamu, kwa mlongo wathu ndi amuna ake, kwa azakhali, ndi kwa ana onse. Wamkulu uja asiye kulemba masamu pachitseko, makope alipo.

Mwina kalatayi ikupeza utapenta kale. Ngati zili choncho usadandaule, wolakwa ndine. Koma ndimakudziwa, ababa sanakutche Mawamawa pachabe. Ngakhale wapenta, kabati yolemera ija sunaisunthe, unangozungulira m'mbali n'kunena kuti kumbuyoko udzapenta tsiku lina. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukukalipira chifukwa cha ulesi umenewo, koma lero ndikuudalira. Uitane alamu akuthandize, muikoke pang'ono, usuzumire kumbuyo. Ababa uwapeza ali komweko.

Tsala bwino mpaka ndidzaone khomalo ndi maso anga.

Ndine mkulu wako,
Kaburashi