Loko wa Pachitseko cha Abambo

Amayi anga, kumeneko muli bwanji kodi?

Ife kuno tilipo. Mvula yagwa kawiri chichokereni inu, ndipo lero ndati ndikhale pansi ndikuuzeni za pakhomo pano.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Enelesi anabereka mwana wamkazi ku Kandeu, ndipo anamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ngakhale kaliridwe kake n'ka kuchimuna. Mbatata ya kachewere yachita bwino chaka chino, moti ndikumagulitsa ndekha pamsika wa Lizulu. Chimanga chokha mbozi zinatilanda, koma njala sitigona nayo. Denga la khitchini lija munkalidandaula linagwadi ndi mphepo, amuna anga anafoleranso.

Koma chimene chandigwiritsa cholembera ndi nkhani ya abambo. Ndikuuzani mosabisa, poti inu simunkakonda nkhani zozungulira.

Titangokuikani, abambo anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, chipewa, mayina a adzukulu. Kenako tsiku lina anatenga khasu kuti akupita kumunda, osabwerera. Anawabweretsa madzulo ndi mayi wina wogulitsa kabichi, atawapeza tsidya lina la msewu waukulu, mbali ya Mozambiki, akufunsa aliyense ngati wakuonani. Ndinachita mantha, Amayi, poganiza za magalimoto a pamsewu uja. M'mawa mwake ndinagula loko.

Ndinkawatsekera m'nyumba masiku a msika okha. Kenako ndinayamba kuwatsekera ndikamapita kudimba, kumaliro, ngakhale kuchigayo. Ndinkawasiyira chakudya, madzi ndi chitini chodzithandiziramo. Khasu lawo ndinalibisa. Akataya phala ndinkawakalipira pamaso pa ana. Akandifunsa kachisanu kuti mwapita kuti, ndinkayankha ndi mawu omwe sindingawalembe pano. Mumtima ndinkati ndikuwasamala, ndipo anthu ankandiyamikira kuti sindinawataye bambo anga.

A Nyoni mukuwakumbuka, anzawo a abambo aja ankavina nawo ngoma? Tsiku lina mvula inatibalalitsa pamsika, ndinafika pakhomo msanga, akadali masana. Ndinawapeza a Nyoni ataima pawindo la abambo, atatsamira ndodo yawo, akucheza nawo mvula ikuwanyowetsa. Anali akhala akubwera chonchi kwa milungu ingapo ine osadziwa.

Sanandikalipire. Anangoti, "Nangozo, tatsegulani kaye, tilankhule titakhala pansi."

Nditatsegula, fungo linandilandira. Chitini chinali chitagubuduzika, ndipo buluku la abambo linali lonyowa. Anali atakhala pakona, akuyesa kubisa ndi manja. Ndinakweza dzanja kuti nditenge bulangete pachingwe ndiwafunditse. Amayi, abambo anawerama n'kuphimba mutu ndi mikono.

"Pepani, mayi," anatero. "Sindidzachitanso."

Munthu uja ankandinyamula paphewa powoloka mtsinje popita kusukulu, ankandiopa ine. Apo m'pamene ndinakumbuka kuti tsiku lina atakana kulowa m'nyumba, ndinawakoka mkono mwamphamvu mpaka unatupa. Ine ndinali nditaiwala. Iwo, oiwala chilichonse, chimenecho sanaiwale.

Nditawasambitsa, a Nyoni anandiitana pakhonde. "Mwana wanga, ndikudziwa kuti mwatopa, ndipo muli nokha," anatero. "Koma izi ndi nkhanza, ngakhale munaziyamba ndi mtima wabwino. Ife amuna tikakalamba sitinena tikamazunzika. Manyazi amatigwira. Ndawafunsa tsiku lililonse pawindo paja, ndipo tsiku lililonse amati, 'Ndili bwino, mwana wanga akundisunga.'"

Ndinafuna kupsa mtima, kuwauza kuti abwere adzayese okha. Koma ndinakumbuka zomwe munkatiuza mukamawapangira tiyi: "Bambo anuwa sadandaula pakamwa. Tiyi akawaotcha amangomwa. Muziwayang'ana kumaso." Ine ndinali nditasiya kuwayang'ana kumaso. Ndinkangoona zochapa ndi zokolopa.

Loko ndinamuchotsa tsiku lomwelo. Tinapita nawo kuchipatala, ndipo adokotala anatifotokozera kuti kuiwalaku ndi matenda omwe amagwira ena akakula, si mwano, si ufiti monga ena ankanong'onezana. Ndinaitananso Enelesi ndi amuna ake, ndinawauza zonse ndikulira. Tsopano iye amabwera mlungu umodzi pamwezi kuti ine ndipumeko.

Masiku ano m'mawa ndimawaperekeza abambo kwa a Nyoni. Kumeneko amakhala madoda atatu pakhonde, akusema mipini ya makasu. Manja a abambo sanaiwale ntchito, mipini yawo ndiyo imayamba kutha. Khasu ndinawabwezera, ndipo alima kamzere ka nyemba kuseri kwa nyumba, kokhotakhota, koma palibe amene amakakhudza. Sindikunamizani kuti zonse zatheka. Mwezi watha anasoweranso, ndipo mtima unali m'mwamba. Koma poti tinawauza anthu m'mudzi muno za matendawa, aphunzitsi ena anawaona akulowera kumsewu, anayenda nawo akucheza mpaka kuwafikitsa pakhomo.

Maso anganso anatseguka. Kutchalitchi ndinaona bambo wina wachikulire amene ankabwera ataonda, malaya osachapa, atasiya kuimba. Tinapita kukamuona ndi amayi anzanga, tinapeza kuti ana ake anamusamutsira m'khitchini ya utsi ndipo ankamupatsa zotsala. Tinakhala nawo pansi anawo pamodzi ndi akulu a mpingo. Sindinapite ngati woweruza. Ndinayamba ndi kuwauza zomwe ndinachita ine. Pano bamboyo anabwerera m'nyumba mwake, ndipo timasinthana kukamuzonda.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi kupepesa. Lamlungu lina nditawameta ndevu, ndinagwada n'kunena kuti, "Abambo, ndinakulakwirani. Mundikhululukire." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anamvetsa zomwe ndinkanena. Kenako anaika dzanja pamutu panga, nati, "Dzukani, Nangozo, mudetsa chitenje chabwinochi." Ndinaseka misozi ili mbwembwembwe, iwonso anaseka.

Amayi, munandisiyira munthu wanu, ndipo kwa nthawi ndithu sindinamusunge bwino. Inunso mundikhululukire. Kutopa ndidzatopabe, koma ndikatopa ndizinena, ndizipempha anthu andithandize. Masiku awo otsala sindikuwadziwa. Chimene ndikukulonjezani n'chakuti tsiku limene adzafike kumeneko, adzafika ali osamba, okhuta, ndiponso osaopa mwana wawo.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Nangozo