Odeta tinamuika m'manda, koma akuyankhabe pa msonkhano

Aphungu,

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale bambo akunyumba. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pa Cassacatiza. Chaka chatha ine ndi mnzanga Odeta tinayamba geni ya mfutso wa nkhwani ndi khwanya. Nzeru yake inali ya Odeta. Ndiye anaganiza zopanga bokosi la matabwa, sefa ya waya m'kati ndi pulasitiki pamwamba, kuti masamba aziuma ndi dzuwa popanda fumbi ndi ntchentche. Ine changa ndi pakamwa basi. Ndimagulitsa mapaketi kwa oyendetsa makamiyau, malole akuluakulu aja, amene amagona pa malire kudikira mapepala.

Tinamva za inkubadora ina ya ku Tete, malo amene amaphunzitsa anthu a mageni ang'onoang'ono, ndipo pomaliza opambana amawapatsa makina. Tinalembetsa, anatitenga. Lamulo lawo ndi lakuti munthu mmodzi salandiridwa, pamafunika awiri kapena kuposa. Maphunziro amachitika pa telefoni Lachitatu lililonse m'mawa. Kuno rede, netiweki ya telefoni, ndi yofooka, ndiye a Tomás, amene amatiphunzitsa, anati tonse tizitseka kamera. Nkhope zathu sanazionepo. Odeta ankachita manyazi ndi Chipwitikizi chake, choncho nthawi zambiri ankangolemba, osalankhula.

M'mwezi wa Marso Odeta anadwala masiku anayi okha, tsiku lachisanu tinamuika. Telefoni yake inali ndi ine, chifukwa anandipatsa kuti ndikamutchajire pa baraka, kagolosale ka kwathu kuno. Tsiku la m'meto, pogawa katundu wa malemu, amuna ake a Xavier anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Mana Helena, telefoni ya anzanu ija simunaione?" Aphungu, ndinayankha kuti mwina inagwa pa njira yopita kuchipatala. Pakamwa panga pomwepa.

Ndinkaopa kuti a ku Tete akamva kuti ndatsala ndekha andichotsa. Ndiye Lachitatu lililonse ndinkakhala pa khonde la baraka ndi matelefoni awiri. Pa yanga ndinkalankhula, pa ya Odeta ndinkalemba. A Tomás akaitana dzina lake, ndinkalemba kuti "Ndilipo." Ndachita zimenezi milungu isanu ndi inayi. Mumtima ndinkati ndikupulumutsa nzeru yake kuti isafe naye.

Milungu iwiri yapitayo chikumbumtima chinandikwana. Ndinazimitsa telefoni ya Odeta, ndinaikulunga m'kansalu n'kuiika pansi pa chitini cha nyemba, ndipo ku msonkhano ndinapita ndi yanga yokha. Ndinakonzeka kunena kuti mnzanga wachokapo. Dzuwa lili phwee, anthu akudutsa ndi njinga, ndinangoona dzina la Odeta latulukira pa mndandanda wa amene alowa msonkhano. A Tomás anati, "Odeta, mwachedwa lero." Pansi pake panabwera mawu akuti "Ndilipo."

Msonkhano utangotha ndinanyamuka msangamsanga. Nditafika kunyumba ndinakhuthula nyemba zonse pamphasa. Telefoni inali momwemo m'kansalu, yozima.

Lachitatu lapitali ndinadzilimbitsa mtima n'kulowanso. A Tomás anandiuza kuti ndifotokoze mmene bokosi limagwirira ntchito. Ndili pakati pofotokoza, dzina lija linalemba kuti, "Helena waiwala kabowo ka kumbuyo. Kakatsekeka masamba amachita nkhungu." Aphungu, kabowoko kalipodi, ndipo ndinali nditakaiwaladi. Pomaliza a Tomás anati pa 20 mwezi uno magulu onse akaonekere ku Tete, aliyense ndi chitupa chake, ndipo gulu lathu lili pa atatu amene akuwayembekezera kwambiri. Dzina lija linayankha ine ndisanayankhe. Linati, "Tibwera tonse."

Kuchokera tsiku limenelo bokosi sindikulitsegula. Ndikaliyandikira ndimamva ngati wina waima kumbuyo kwanga akuyang'ana mmene ndikuyalira masamba. Mfutso wa mlungu uno waonongeka wonse. Ndikuchita mantha, ndipo manyazi akundidya. Ndili ndi msuweni wanga ku Mualadzi wofanana msinkhu ndi Odeta. Kodi ndimutenge akaime m'malo mwake tsiku limodzi lokhalo? Kapena ndingosiya zonse? Nanga amene akulembayu ndani?

H. B., Cassacatiza

A H.,

Pepani ndi imfa ya anzanu. Ndikuona kuti simunawalirenso bwinobwino, chifukwa munthu sungalire amene ukumuyankhira Lachitatu lililonse.

Tiyambe ndi funso lanu lomaliza. Ine zaka zonsezi sindinamvepo wakufa akugula megas a intaneti. Dzina la munthu pa misonkhano yotereyi silikhala m'telefoni imodzi yokha. Aliyense amene ali ndi chinsinsi cholowera akhoza kulitsegula pa telefoni ina. Dzifunseni kuti matabwa a bokosilo anakhoma ndani, ndipo Odeta telefoni yake ikatha moto ankabwereka ya ndani. Sindikuloza chala munthu, poti sindinaone. Koma ndikuganiza kuti pali wamoyo amene akudziwa zonse zimene mwachita, ndipo wasankha kukhala chete n'kumakuyang'anani. Kwa ine zimenezo n'zoopsa kuposa mzukwa.

Za msuweni wa ku Mualadzi iwalani lero lomwe. Mwamva nokha kuti akufuna zitupa. Kuimika munthu ndi dzina la malemu ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mulowetsamo mwana wa eni amene sanalakwe kanthu.

Choyamba pitani kwa a Xavier, osati ku Tete. Musapite nokha. Uzani kaye bambo akunyumba, kenako mutenge mkulu wa mpingo wanu kapena nkhoswe imene banja la malemu limaimvera. Telefoni muinyamule m'manja, poonekera. Munanama pamaso pa anthu, ndiye musayembekezere kuti mukapepesa monong'ona. Mukanene zonse, ndi milungu isanu ndi inayi ija yomwe. Akakukalipirani, khalani pansi mumve. Katundu wa malemu sabisidwa, ndipo inu mukudziwa.

Mukachoka kumeneko, alembereni a Tomás Lachitatu lisanafike. Mawu ochepa: Odeta anamwalira mu Marso, ndinaopa kuchotsedwa, ndinkalemba m'dzina lake. Apempheni atseke dzinalo pa mndandanda. Afunseninso ngati lamulo lawo likulola kulowetsa munthu wina pamene mmodzi wamwalira. Funso limeneli munayenera kufunsa mu Marso. Malo ambiri otere amadziwa kuti anthu amafa, ndipo chimene sapirira ndi bodza. Sindikulonjezani kuti akusungani. Akhoza kukuchotsani, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Akakulolani, munthu wolowa m'malo asankhidwe pamodzi ndi banja la Odeta, chifukwa nzeru ya bokosilo ndi chuma cha ana ake. Gawo lawo likambidwe pali mboni.

Mwina mudzafika kwa a Xavier n'kupeza kuti iwo sadziwa kanthu, ndipo palibe aliyense wovomera kuti ndiye ankalemba. Zikatero ine ndilibe yankho, ndipo sindinamizira kuti ndili nalo. Koma chochita n'chomwechi. Kaya wolembayo ndi ndani, chimene akukufunsani ndi chimodzi: choonadi.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo mulimve bwino. Kwanuko mukudziwa zimene anthu amanena geni ikakula mnzako atangomwalira kumene. Makinawo akafika pakhomo panu choonadi chisanatuluke, kenako n'kumveka kuti munabisa telefoni ya malemu m'chitini ndipo dzina lake linkakugwirirani ntchito, palibe adzanene kuti munkaopa lamulo la ku Tete. Adzati munamukhwimira. Makina mukhoza kuwapeza chaka china, pena pake. Koma anthu a pa Cassacatiza akangoyamba kuletsa ana awo kudya kwanu, palibe inkubadora imene idzakuchotsereni dzina limenelo.

Aphungu