Ndazimitsa Maseva Anu, Achimwene

Lachinayi, pa 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti bondo la amayi layambanso kuvuta.

Ntchito ija yatha. Mapulogalamu onse a kampani, kuyambira ya maoda mpaka ya madalaivala, tawachotsa m'maseva anu, makompyuta akuluakulu aja munkasamalira kuno, n'kuwaika pa makina obwereka a pa intaneti, aja amati klaudi. Pulogalamu iliyonse taimanga m'kabokosi kakekake ka m'kompyuta kotchedwa kontena, ndipo makina atatu akugwira ntchito ngati gulu limodzi, lomwe timati klasita. Eni ake ndiwo amawasamalira. Ine changa n'kungolemba kuti ndikufuna makontena angati.

Sizinayende myaa. Masiku awiri athunthu makontena ankakana kufika kunkhokwe ya deta, komwe timasunga zolembedwa zonse za kampani. Katatu konse ndinatenga foni kuti ndikuimbireni, katatu konse ndinaibweza m'thumba. Kenako ndinapeza kuti khomo ndinatseka ndekha polemba malamulo a netiweki. Mukanakhalapo mukanandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Iwe Phuma, uziyamba ndi zapafupi."

Tsiku loyesa ndinazimitsa dala makina amodzi, bwana ali chilili kumbuyo kwanga. Mphindi isanathe, ntchito inasamukira kwa enawo. Bwana anati, "Basi? Popanda wothamanga ndi sikuludiraiva?" Ofesi yonse inaseka. Ine ayi, chifukwa wothamangayo munali inuyo, zaka khumi ndi ziwiri.

Maseva akale anayenera kuzima sabata yatha, koma ndinanamiza bwana kuti deta ina sinasamuke. Pa nkhomaliro ndinkalowa m'kachipinda kozizira ka maseva kaja, n'kukhala pa mpando wanu wothyoka nsana, ndikuwerenga timapepala tomwe munamata pa mawaya: "Usakhudze." "Phuma, iwenso usakhudze." Lero m'mawa ndazimitsa. Mafani oziziritsa maseva ataleka kulira, kachipinda kanangoti zii, ndipo ndinatuluka msanga kuti anzanga asandione nkhope.

Achimwene, pali mawu amene andikhala pakhosi miyezi isanu ndi itatu. Inu mumayesa kuti ganizo losamukira ku klaudi linali la bwana. Ayi, ndinalemba ndine. Ndinkafuna kuti mupume, muleke kuitanidwa Lamlungu lililonse. Sindinaganizeko kuti akuuzani kuti malo anu atha. Tsiku lomwe munkalongedza, ndinakunyamulirani katoni mpaka pageti, inu n'kundithokoza, ine osaulula. Munandiphunzitsa ntchito ndinu, ndipo ndi ntchito yomweyo ndinakuchotsani pampando.

Amayi sakudziwa zomwe ndinachitazi. Amangofunsa kuti, "Kodi kumeneko kulibe mafoni?" Ine ndimati mwatanganidwa ndi ntchito yatsopano.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa, makamaka wamng'onoyo amene ndamva kuti wayamba kuyenda ine osaona. Inuyo ngati mwakwiya, kwiyani ndithu, muli ndi chifukwa. Koma mundikalipire pafoni, ndimveko mawu anu.

Ndine mlongo wanu,
amene akudikira.