Kulumbira kwa Mfumukazi

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno ku Hull matenda kulibe, koma m'nyumba mulibe mtendere.

Lachitatu tinakalumbira kuti tikhale nzika za dziko lino. Aliyense amayenera kulonjeza mokweza kukhala wokhulupirika kwa Mfumukazi. Anzathu atayamba, achimwene anu anangotseka pakamwa. Mayi wolumbiritsa anawayang'anitsitsa. Ndinawatsina n'kunong'ona kuti, "Zaka zonse tavutikazi zipite pachabe?"

"Kwathu ndinamenyedwera voti," anandiyankha. "Amfumukaziwa anawasankha ndani?"

Mayi uja anati abwereze okha. Anabwereza.

Chikalata cha unzika tinalandira, koma iwo sanachikhudzebe. Chonde muwaimbire, inu amakumverani. Ine chiwatsinireni sakundilankhula.

Ambuye akusungeni.

Ine mlamu wanu,
Esinati