Ulendo wa ku Salalah

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kunja kwatentha, ndipo mtima suli m'malo.

Abwana andionetsa chigalimoto cha hayala, chokhala ndi mabedi ndi khitchini m'kati. Akuti mu Ogasiti tipite ku Salalah, ku Oman, poti malire atsegulidwa ndipo tonse tabayitsa katemera. Dalaivala ndine.

Chaka chija tinapitako ndinadwala panjira. Anagwira okha chiwongolero, ine nditagona kumbuyo ngati bwana. Lero akumbutsa akuseka: "Yosefe, ulendo uno usadwale."

Ndangoti inshallah, Mulungu akalola. Sakudziwa kuti hotela ina ya ku Al Dafna, mumzinda womwe uno, ikufuna kundilemba ntchito mu Ogasiti momwemo, ndipo lamulo latsopano silifunanso siginecha yawo kuti ndisinthe ntchito. Kalata yosiyira ntchito ili m'thumba, yanyowa ndi thukuta.

Mawa ndiwapatsa. Dzulonso ndinalemba chonchi.